Kuyesa mankhwala a kutupa kwa diso pa nyama: khoswe kapena kalulu, nanga muyeza chiyani?

Funso: Ndine wophunzira wa digiri yachiwiri ya zamankhwala kuno ku Blantyre. Ndili ndi mankhwala ochokera m'masamba a mtengo wina umene kumudzi amaugwiritsa ntchito pa maso ofiira. Nditamwetsa makoswe, anachepetsa kutupa kwa phazi kobwera ndi carrageenan, mankhwala amene amabayidwa dala kuti phazi litupe. Tsopano ndikufuna kuwayesa ngati odontheza m'maso. Ndaganiza zogula akalulu 10 kumsika, nditupitse maso onse awiri, ndizidontheza mankhwala m'diso lakumanja, lakumanzere ndilisiye, kenaka ndiziona kufiira kwake kwa masiku 7. Kodi njirayi ili bwino?

Yankho: Njirayi musayambe nayo. Akalulu a kumsika, diso linzake monga loyerekezera, ndi kufiira monga muyeso, zitatu zonsezi zidzakupatsani manambala amene aliyense wodziwa za maso adzawakana, akaluluwo atavutika kale. Zonsezi zikhoza kukonzeka. Koma musanagule ngakhale nyama imodzi, yankhani kaye funso ili: kutupako ndi kwa mbali iti ya diso?

Munthu wofika ku chipatala cha maso cha Lions pa Queens ali ndi diso lofiira akhoza kukhala ndi matenda osiyana kwambiri ndi mnzake amene wakhala naye benchi limodzi. Wina vuto lili pa conjunctiva, kachikopa kopyapyala kokuta choyera cha diso ndi m'kati mwa zikope, monga zimakhalira ndi ana oyabwa maso chifukwa chodana ndi mungu kapena fumbi. Wina ali ndi chilonda pa cornea, galasi loonekera la kutsogolo kwa diso. Wina ali ndi uveitis, kutupa kwa m'kati kokhudza iris, gawo la mtundu lozungulira mboni, ndi minofu ya kumbuyo kwake. Kunjaku onse maso ndi ofiira, koma maselo a chitetezo cha thupi oyambitsa vutolo ndi osiyana. Pa kuyabwa ndi mast cell ndi eosinophil. Pa uveitis wadzidzidzi wa kutsogolo ndi neutrophil ndi macrophage. Pa uveitis wokhalitsa wa kumbuyo ndi maselo a T. Nyama ndi njira yotupitsira diso mumasankha potengera maselo amene mukuganiza kuti mankhwala anu amawagwira.

Zotsatira za pa phazi zikuuzani kuti m'masambamo muli china chake chogwira ntchito chikalowa m'magazi. Za dontho la m'diso sizinenapo kanthu. Misozi imene imakhala pa diso la munthu ndi pafupifupi mamaikulolita 7, ndipo diso silingasunge oposa 30, pomwe dontho lochokera m'botolo limakhala la 25 mpaka 50. Zambiri zimatayika kapena kutsikira m'mphuno, moti mankhwala olowadi m'kati mwa diso nthawi zambiri safika 5 pa 100 alionse. Ndipo kuti alowe ayenera kudutsa khungu lakunja la cornea limene limalola zosungunuka m'mafuta, kenaka mnofu wapakati umene umalola zosungunuka m'madzi. N'chifukwa chake prednisolone acetate amalowa bwino pa cornea yopanda chilonda kuposa prednisolone phosphate, ngakhale mankhwala enieniwo ndi amodzi. Ngati mphamvu ya masamba anu ili m'ma tannin akuluakulu, mwina sidzafika konse kumene kuli uveitis.

Dontholo liyesedwe lokha kaye

Kafukufuku amene anachitika m'zipatala ziwiri za m'maboma kuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 1994 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu a matenda a cornea anali atathira kale mankhwala achikuda m'maso. Madokotala a maso m'dziko muno amadziwa bwino zilonda zobwera ndi mankhwala otere. Ndiye komiti iliyonse yoona za kafukufuku idzafuna umboni woti dontho lanu silipsereza diso, isanamve n'komwe zoti limachiza.

Yambani ndi mtengowo: utsimikizidwe dzina ku National Herbarium ku Zomba, ndipo masamba onse a kafukufukuyu atengedwe ndi kukonzedwa kamodzi. Mukathyola ena mu Juni ena mu Novembala, mphamvu yake siikhala yofanana. Dontho likhale ndi pH yoyandikira 7.4 ya misozi. Diso limapirira kuyambira cha pa 6.5 mpaka 8.5, kupitirira pamenepo limaluma, misozi imachuluka, n'kutsuka mankhwala anu omwewo. Mchere wake ufanane ndi wa saline wa 0.9%. Ngati munachotsa mankhwalawo ndi ethanol kapena methanol, aume kotheratu musanasungunule.

Pamene ambiri amagwa ndi pa endotoxin, poizoni wochokera ku khungu la mabakiteriya ena amene amayambitsa kutupa. Sefa ya 0.22 µm imachotsa mabakiteriya koma endotoxin imadutsa, ndipo autoclave siyiononga mokwanira. Masamba oanikidwa panja amakhala nayo yambiri. Tsono ngati mukuyesa mankhwala oletsa kutupa kobwera ndi endotoxin, dontho lanu lili ndi endotoxin yakeyake, simudzadziwa chimene mukuyeza. Mabotolo agalasi aotchedwe mu uvuni pa madigiri 250 kwa mphindi zosachepera 30, madzi akhale a jakisoni, ndipo dontho liyezedwe ndi LAL, njira yoyezera endotoxin.

Kuti muone ngati likupsereza simufunika kalulu. Njira ya HET-CAM imagwiritsa ntchito mazira a nkhuku okhala ndi mwana, ofungatiridwa masiku 9 pa madigiri apafupi ndi 38. Mumaboola chigoba kumbali yokhala ndi mpweya, n'kuchotsa kachikopa ka m'kati mosamala, mitsempha ya magazi n'kuonekera. Mumathirapo 0.3 ml ya dontho lanu n'kuyang'ana kwa mphindi 5 ngati magazi akutuluka, mitsempha ikusungunuka, kapena mapuloteni akuundana. Mazira ena athiridwe saline, ena NaOH wa 0.1 N, kuti mudziwe maonekedwe a "palibe vuto" ndi a "zapsa". Makina ofungatira akhale ndi batire kapena jenereta, chifukwa magetsi akazima usiku wa kuzizira kwa Juni ana a m'mazirawo amafa. Palinso njira ya cornea ya ng'ombe yochokera kophera nyama, ya m'malangizo a bungwe la OECD nambala 437, ndi ya diso la nkhuku, nambala 438. Njira yakale ya Draize ya 1944, yothira mankhwala osadziwika m'diso la kalulu wamoyo, masiku ano imabwera pomaliza, ndipo nthawi zambiri siifunikanso.

Nyama zake

Kalulu wogulidwa ku msika wa Limbe kapena kwa woweta wa ku Lunzu simudziwa zaka zake, makolo ake, kapena matenda amene wasenza. Awiri mwa matendawo amakhudza diso lenilenilo. Pasteurella multocida amabweretsa chimfine ndi manthongo, ndipo kalulu akhoza kukhala naye osaonetsa kanthu mpaka atapanikizika ndi ulendo kapena kutentha. Encephalitozoon cuniculi amalowa mu lens, galasi la m'kati mwa diso, n'kuyambitsa uveitis payekha. Kalulu mmodzi wotere m'gulu la asanu amasokoneza zonse. Palinso nkhani ya mtundu wa maso: melanin ya mu iris imagwira mankhwala ambiri, choncho kalulu woyera wa maso ofiira ndi wamawanga wa maso akuda sayankha mofanana. Makoswe nawo ali ndi awo. Kachilombo ka sialodacryoadenitis kamatupitsa zopangira misozi n'kuumitsa cornea. Ndipo khoswe wopanikizika amatulutsa misozi yofiira ya porphyrin imene wosazolowera amayesa magazi kapena kutupa.

Nyama zichokere kumalo oweta za kafukufuku, za mtundu umodzi, msinkhu umodzi, zolemera mofanana. Zikhale masiku osachepera 7 zikuzolowera malo, ndipo diso lililonse liunikidwe ndi slit lamp, maikulosikopu younikira diso, ndi fluorescein, utoto woonetsa zilonda pa cornea, tsiku loyamba lisanafike. Yokhala ndi kachilema kalikonse ichotsedwe. Chipinda cha makoswe chikhale pa madigiri 20 mpaka 24, cha akalulu 15 mpaka 21, maola 12 a kuwala ndi 12 a mdima. Ku Blantyre mu Okutobala ndi Novembala chipinda cha malata chopanda choziziritsira chimapitirira 30, pomwe kalulu amayamba kuwefuka ndipo mahomoni ake a kupanikizika, amene paokha amaletsa kutupa, amakwera. Utuchi wa paini wa kwa akalipentala uli ndi fumbi loyabwa m'maso komanso mafuta osintha kagwiridwe ntchito ka chiwindi. Zogonera zonyowa ndi mkodzo zimatulutsa ammonia wofiiritsa maso. Zisinthidwe kawiri kapena katatu pa sabata.

Njira imene ikukuyenerani

Pa ndalama ndi nthawi ya digiri yachiwiri, njira yodalirika ndi ya uveitis wobwera ndi endotoxin mwa makoswe, imene anthu a ntchitoyi amangoti EIU. Anaifotokoza Rosenbaum ndi anzake mu 1980. Mumabaya LPS, dzina lina la endotoxin uja, kutali ndi diso, pansi pa khungu, koma maso onse awiri amatupa kutsogolo. Chimachitika n'chakuti LPS imadzutsa maselo kudzera pa TLR4, puloteni yoizindikira, maselowo amatulutsa zotupitsa monga TNF-α, IL-6, prostaglandin ndi nitric oxide, chotchinga cha pakati pa magazi ndi madzi a m'diso chimafooka, mapuloteni ndi maselo oyera n'kulowa. Kutupa kumayamba pakatha maola pafupifupi 4, kumafika pachimake pa maola 18 mpaka 24, ndipo kumatha kokha m'masiku ochepa. Mfundo yomalizayi ndiyo ikupha maganizo anu a masiku 7: pofika tsiku limenelo, wolandira mankhwala ndi wosalandira onse amakhala atachira.

Makoswe a Lewis, a masabata 6 mpaka 8, olemera magalamu apafupi ndi 200, ndiwo amayankha bwino ndiponso mofanana. A Wistar ndi Sprague Dawley, amene amapezeka mosavuta m'mayunivesite a kuno kum'mwera kwa Africa, amatupanso koma mosiyanasiyana, ndiye gulu limafunika kukula. Mbewa musaziganizire. Diso lake limapereka madzi a mamaikulolita osakwana 5, ndipo mtundu wa C3H/HeJ sumva LPS konse.

Mlingo wozolowereka ndi mamaikulogalamu 200 a LPS ya Salmonella typhimurium mu 0.1 ml ya saline. Kale ankabaya kuphazi, koma phazi limatupa n'kumapweteka poyenda, choncho makomiti ambiri amakonda pansi pa khungu patsinde pa mchira. Mukasankha phazi, likhale limodzi. LPS imakakamira ku galasi ndipo imaundana m'madzi, ndiye igwedezedwe kwambiri musanakoke jakisoni aliyense. Mukapanda kutero woyamba amalandira yochepa, womaliza yambiri. Gulani botolo limodzi la kafukufuku yense, ligaweni m'timachubu, musunge pa madigiri 20 pansi pa ziro, kachubu kamodzi kasungunuke kamodzi basi. Khoswe wobayidwa LPS kamodzi samabayidwanso, chifukwa thupi limazolowera ndipo ulendo wachiwiri kutupa kumakhala kochepa. Dziwaninso kuti khosweyo amadwala thupi lonse: ubweya umaima, amatsekula m'mimba, sadya. Madzi ndi chakudya chofewa zikhale pansi pomwe angafikire, ndipo komiti idzafuna mulembe pasadakhale zizindikiro zimene mukaziona mudzamupha mosapweteka nthawi isanakwane.

Magulu akhale motere. Loyamba libayidwe saline lokha, lachiwiri lilandire dontho lanu la mlingo waukulu popanda LPS, kuti zioneke ngati dontholo likutupitsa palokha. Awiriwa akhoza kukhala a makoswe 4. Kenaka asanu a makoswe 8 obayidwa LPS: lolandira madzi osungunulira mankhwala okha, lolandira dexamethasone wa 0.1% (steroid wodziwika kale kuti amaletsa kutupa), ndi atatu olandira mankhwala anu pa milingo itatu yotalikirana bwino, monga 0.1%, 0.3% ndi 1%. Onse pamodzi ndi 48. Nambala 8 siyochokera m'mutu. Pali kawerengedwe kachidule: 16 kugawa ndi sikweya ya kusiyana kumene mukufuna kuona, mutakuyeza ndi standard deviation, muyeso wa kumwazikana kwa manambala. Ngati mukuyembekeza kusiyana kwa 1.5, yankho ndi 7 ndi kanthu, ndiye 8. Ngati kusiyanako ndi 1 yekha, mufunika 16 pa gulu. Gulu la dexamethasone ndilo limateteza kafukufuku wanu. Iye akalephera kuchepetsa maselo, vuto lili m'kachitidwe kanu, ndipo za mankhwala anu simunganenepo chilichonse. Mukasankha prednisolone acetate wa 1% m'malo mwake, botolo ligwedezedwe nthawi zonse chifukwa ufa wake umakhazikika pansi.

Dontho la khoswe ndi mamaikulolita 5, loperekedwa ndi pipeti. Kudontheza kuchokera m'botolo la anthu kuli ngati kukhuthulira ndowa m'kapu: otsalawo amatsikira pa ubweya, khoswe amanyambita, ndipo mwayesa mankhwala akumwa osadziwa. Mugwireni kwa theka la mphindi kapena kuposerapo mutadontheza.

Za nthawi yoyambira kudontheza, apa pamabisala chinyengo chimene chadzaza m'mapepala ambiri. Mukayamba ola limodzi musanabaye LPS, mukuyesa kupewa. Wodwala safika kuchipatala diso lisanatupe. Mankhwala ambiri a zitsamba amaoneka amphamvu akaperekedwa kale, n'kulephera akaperekedwa maola 4 kapena 6 LPS italowa. Ngati ndalama zikulola gulu limodzi loonjezera, likhale la mlingo waukulu woyamba mochedwa. Ngati sizikulola, lembani m'lipoti mawu akuti "kupewa", osati "kuchiza".

Diso linzake si loyerekezera

Dontho likatsikira m'mphuno limalowa m'magazi, magazi n'kulifikitsa ku diso linalo. Mwa munthu wa makilogalamu 60 izi ndi zochepa, komabe zimachitika mpaka timolol wa m'maso amachedwetsa mtima. Mwa khoswe wa magalamu 200 kapena kalulu wa makilogalamu awiri ndi theka, gawo lolowa m'magazi ndi lalikulu poyerekeza ndi thupi. Diso "losalandira" limachira pang'ono, kusiyana kumachepa, ndipo mankhwala ogwira ntchito amaoneka ngati opanda pake. Komanso maso awiri a nyama imodzi si anthu awiri. Powerengera, chinthu chimodzi ndi nyama. Donthezani maso onse awiri mofanana, phatikizani zotsatira zake, mulembe n = 8, osati 16. Chimodzimodzi ndi makola: gulu lonse likakhala m'khola limodzi pansi pa shelefu pomwe pali mdima, linzake pamwamba pafupi ndi getsi, simudzasiyanitsa mphamvu ya mankhwala ndi ya malo. Gulu lililonse ligawike m'makola angapo, ndipo nyama zigawidwe ndi manambala a mwachisawawa a pa kompyuta, osati potengera amene wayamba kugwidwa.

Zoyeza pa maola 24

Kufiira ndi kukula kwa mitsempha basi. Dontho la phenylephrine limayeretsa diso m'mphindi zochepa kutupa kwa m'kati kusanasunthe, ndipo masamba okhala ndi tannin wambiri akhoza kuchita zofanana. Kufiira kulembedwe, koma monga gawo limodzi la sikelo ya 0 mpaka 5 pa slit lamp: 0 palibe kanthu, 1 mitsempha ya iris yakula pang'ono, 2 yakula ndithu ndipo madzi a m'diso ayamba chifunga, 3 kufiira ndi chifunga zakula, 4 paoneka ulusi wa fibrin ndipo mboni yachepa, 5 mafinya akhazikika pansi pa chipinda chakutsogolo. Wopereka mamakisi asadziwe gulu la nyamayo. Machubu a madontho alembedwe A, B, C ndi munthu wina amene asunge chinsinsicho mpaka manambala onse atalowa.

Miyeso yeniyeni ndi iwiri, maselo ndi mapuloteni a m'madzi a chipinda chakutsogolo. Khoswe akangophedwa mosapweteka, pansi pa maikulosikopu, lowetsani singano ya 30G m'mphepete mwa cornea, kamwa yake itayang'ana kumwamba, singanoyo itagona molingana ndi iris. Maso awiri pamodzi amapereka mamaikulolita 15 mpaka 25. Mukakhudza iris magazi amalowa, ndipo magazi ali ndi mapuloteni ochuluka kwambiri kuposa madzi a m'diso, choncho sampulo yofiirira itayidwe ndipo zilembedwe kuti yatayidwa. Mukabaya lens, mapuloteni ake amakweza manambala mofananamo. Dzanja lizolowere kaye pa nyama zakufa kale za kafukufuku wina.

Madzi a diso lotupa amaundana msanga chifukwa cha fibrin, ndipo maselo akakodwa m'menemo mumawerenga ochepa kuposa enieni, makamaka m'maso odwala kwambiri. Ndiye sampulo ipite pa ayezi, isakanizidwe nthawi yomweyo ndi madzi a mchere a PBS okhala ndi EDTA yoletsa kuundana, iwerengedwe m'ola lomwelo. Gwiritsani ntchito galasi la Neubauer ndi trypan blue kapena madzi a Türk, amene a labu ya chipatala amawadziwa kale. Bokosi lalikulu limodzi limasunga mamaikulolita 0.1, choncho avereji ya mabokosi anayi, kuchulukitsa ndi 10, kuchulukitsanso ndi mmene munasungunulira, ndiwo maselo pa maikulolita imodzi. Diso labwino limakhala lopanda maselo kapena ndi owerengeka chabe. Lotupa amafika mazana kapena zikwi.

Zotsalazo zizungulizidwe pa centrifuge kwa mphindi 5 mozizira, madzi apamwamba ayezedwe mapuloteni. Apa pali msampha wa inu a zitsamba: njira za BCA ndi Lowry zimadalira kusintha kwa copper, ndipo ma polyphenol a m'masamba amasinthanso copper, n'kukupatsani mapuloteni abodza. Tsukani diso ndi saline musanabaye, ndipo yesani dontho lanu palokha pa njira imene mwasankha. Likasintha mtundu, pitani ku Bradford n'kuyesanso chimodzimodzi.

Ma ELISA, oyezera zotupitsa monga TNF-α ndi IL-6, ndi okwera mtengo ndipo sampulo ndi yochepa. Mutachotsa ya maselo ndi ya mapuloteni, mutsala ndi mamaikulolita apafupi ndi 10, okwana chinthu chimodzi kapena ziwiri. TNF-α imakwera m'maola oyambirira, ndiye pa maola 24 IL-6 kapena prostaglandin ya PGE2 ndi zodalirika kuposa iyo. Zimafuna firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo magetsi akazima sampulo n'kusungunuka, zatha. Ngati firiji yotere yokhala ndi jenereta palibe, ndalamazo zipite ku histology, kuunika minofu ya diso pa maikulosikopu. Maso a nyama zingapo zosabayidwa singano aikidwe m'madzi a Davidson kwa maola 24, osati formalin wamba amene amakhwinyatitsa diso n'kumatula retina. Adulidwe pa 5 µm podutsa pa mboni ndi mtsempha wa diso, apakidwe utoto wa H&E.

Mamakisi a slit lamp si manambala enieni oti n'kuwatengera avereji mwachisawawa, ndipo maselo amakhala ndi nyama imodzi kapena ziwiri zokwera kwambiri. Kawerengedwe koyerekezera magulu ka Kruskal-Wallis kotsatiridwa ndi ka Dunn kamayenera zonse ziwiri. Pa chithunzi onetsani kadontho ka nyama iliyonse.

Ngati akalulu ndiwo okhawo mungapeze

Ndiye akhale a New Zealand White ochokera koweta kodziwika, a makilogalamu 2 mpaka 3, ndipo njira yofatsa ndi ya paracentesis, yokoka madzi a m'diso ndi singano, pa diso limodzi. Mumadontheza mankhwala kangapo m'ola lomaliza, mamaikulolita 30 mpaka 50. Mumagonetsa kalulu ndi ketamine 35 mg/kg ndi xylazine 5 mg/kg mu mnofu, n'kudontheza tetracaine kapena proparacaine wa 0.5% kuti diso lichite dzanzi. Mumakoka 0.1 ml ya madzi a m'diso. Kutsika kwadzidzidzi kwa pulesha kumatulutsa prostaglandin, chotchinga chimatseguka, ndipo madzi atsopano amabwera odzaza mapuloteni. Mumakokanso pa nthawi imodzi yokhazikika, pakati pa mphindi 60 ndi 120, n'kuyerekeza. Madzi a kalulu wabwino sakwana 1 mg/ml ya mapuloteni, achiwiriwa amafika makumi angapo. Woyerekezera woyenera apa ndi diclofenac wa 0.1% kapena ketorolac wa 0.5%.

Njirayi ikufanana ndi kutupa kwa pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala, osati uveitis. Diso la kalulu limatulutsa prostaglandin mwamphamvu kuposa la munthu, choncho chilichonse choletsa cyclooxygenase, puloteni yopanga prostaglandin, chimaoneka champhamvu mopitirira. Kalulu amaphethiranso mwa apo ndi apo, mphindi zingapo zimadutsa, ndiye dontho limakhalitsa pa diso kuposa mmene lingakhalire mwa munthu. Ali mtulo maso amakhala otsegula ndipo cornea imauma, choncho anyowetsedwe ndi saline. Pa ululu mupatseni buprenorphine. Dokotala wa ziweto akhoza kutchula meloxicam kapena carprofen chifukwa ndi amene amawazolowera, koma amenewo ndi oletsa kutupa ndipo adzafafaniza kusiyana kwa magulu anu. Kambiranani zimenezi pokonza ndondomeko, popeza ketamine ndi buprenorphine ndi mankhwala odzera mwa iye.

Njira yootcha cornea ndi NaOH imapezeka kwambiri pa intaneti chifukwa ndi yotsika mtengo. Ndi yopweteka kwambiri ndipo siyankha funso lanu. Isiyeni. Ngati anthu akumudzi amagwiritsa ntchito mtengowo pa maso oyabwa, njira yoyandikira ndi ya compound 48/80 kapena ovalbumin pa mbira kapena makoswe, woyerekezera wake akhale olopatadine kapena cromoglicate, osati steroid yekha.

Zimene zotsatira zidzakulolani kunena

EIU ndi kutupa kwa tsiku limodzi kopanda maselo a T. Uveitis wokhalitsa amayesedwa ndi njira ina, ya EAU, yobaya puloteni ya retina monga IRBP pamodzi ndi Freund's adjuvant mwa makoswe a Lewis kapena mbewa za B10.RIII, kutupa n'kufika pachimake patatha pafupifupi masabata awiri. Imafuna nyama za mtundu weniweni ndi zida zoonera kumbuyo kwa diso, ndipo ndi ntchito ya digiri yachitatu. Mbiri yake ili ndi mbali ziwiri. Nussenblatt ndi anzake anaonetsa mu 1981 kuti cyclosporin amaletsa EAU mwa makoswe, ndipo pofika 1983 anali akuthandiza odwala. Koma puloteni yotupitsa ya IL-17, imene inaoneka yofunika kwambiri mwa mbewa, itatsekedwa ndi secukinumab wobaya pansi pa khungu mwa anthu a uveitis, mayeso akuluakulu atatu sanapeze phindu limene ankayembekeza.

Maola 24 sangaonetsenso zoipa zobwera mochedwa. Armaly anaonetsa m'ma 1960 kuti dexamethasone wodonthezedwa kwa masabata anayi amakweza pulesha ya m'diso mwa munthu mmodzi pa atatu, ndipo mwa asanu pa 100 imakwera kwambiri. Mankhwala anu akakhala ndi mphamvu yonga ya steroid, funso limeneli lidzafunika kafukufuku wakewake wa masabata angapo. Ndipo kuno kwathu uveitis wambiri amabwera ndi tizilombo: mashingozi, TB, chindoko, toxoplasma, ndi CMV mwa odwala HIV amene chitetezo chatsika. Kuletsa kutupa kokha pa chilonda cha herpes kapena cha bowa kumakulitsa chilondacho. Choncho chiganizo chimene mungalembe ndi chonga ichi: dontho la mlingo wakuti linachepetsa maselo ndi mapuloteni pa maola 24 mwa makoswe obayidwa LPS. Kuyesa pa anthu ndi nkhani ina yodzera ku PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala m'dziko muno.

Ndondomeko yanu ipite kaye ku komiti yoona za kafukufuku, monga ya yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) kwa amene ali kumeneko. Itchule malamulo a ARVO, bungwe la ofufuza za maso, a kagwiritsidwe ntchito ka nyama pa kafukufuku wa maso, amene saloleza kuononga kuona kwa maso onse awiri popanda chifukwa chomveka, ndipo ilembedwe motsatira ARRIVE wa 2020, malangizo a kalembedwe ka kafukufuku wa nyama, kuyambira pachiyambi. M'ndondomekomo pemphaninso makoswe 6 oyambira: anayi abayidwe LPS yokha, awiri saline, muwerenge maselo pa maola 24. Anayiwo akatupa onse, manambala awo adzakupatsani standard deviation yowerengera kukula kwenikweni kwa magulu. Akatupa awiri okha, sinthani botolo la LPS kapena mtundu wa makoswe musanaitanitse 48 aja.